Sikuti Chilichonse Chomera Nchabwino kwa Mwana Wosabadwa



Sabata ino tafuna tilimbane ndi mawu amene afala pakati pathu mpaka ayamba kumveka ngati Uthenga Wabwino. Mawuwa ndi akuti: "Awa ndi mankhwala achilengedwe, alibe vuto." Timawamva m'minibasi, pamsika, pa wailesi, m'magulu a pa WhatsApp, ndipo nthawi zina pabwalo la tchalitchi penipeni Misa ikangotha. Munthu amanyamula botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda muyeso, nanena kuti madzi akudawo amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, zilonda za m'mimba ndi kusabereka. Wina akafunsa ngati mayi woyembekezera angamwe, yankho limabwera mosazengereza: "Angamwe ndithu, ndi masamba okhaokha awa." Ife tikunena poyera kuti yankho limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza limene wolipira wake ndi mwana amene sanabadwe, amene sangathe kufunsa kapena kukana.

Tisananene zambiri, tivomereze chimene Mpingo umavomereza. Mitengo ndi zitsamba ndi mphatso ya Mulungu. Buku la Sira, mutu 38, limatilangiza kulemekeza sing'anga ndi kusanyoza mankhwala amene Ambuye anaika m'nthaka. Kwinini amene wapulumutsa anthu osawerengeka ku malungo anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo ansembe a chipani cha Jesuit ndiwo anathandiza kulifikitsa khungwalo ku Roma m'zaka za m'ma 1600. Mankhwala a LA amene timalandira m'zipatala zathu kuyambira 2007 gwero lake ndi chitsamba cha Artemisia annua, chimene mayi Tu Youyou wa ku China anachifufuza mpaka kulandira mphotho ya Nobel mu 2015. Choncho nkhondo yathu si yolimbana ndi mitengo ayi. Tikulimbana ndi ulesi wa m'maganizo umene umati chinthu chikangomera m'nthaka ndiye kuti sichingapweteke.

Makolo athu sanakhulupirirepo zimenezi. Iwo ankadziwa kuti mwabvi, umene ndi khungwa la mtengo, umapha munthu. Ankadziwa kuti katupe akathiridwa m'dziwe nsomba zimayandama. Alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka kombe ku mivi yawo chifukwa ankadziwa kuti amaimitsa mtima wa nyama. Agogo athu amaviika chinangwa chowawa masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole, ndipo amachita bwino, pakuti mu 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu ambiri anapuwala miyendo atadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira m'nthawi ya chilala. Ngakhale m'Malembo Oyera, m'buku lachiwiri la Mafumu mutu 4, timawerenga za wophunzira wa aneneri amene anathyola zipatso za kutchire zimene sankazidziwa naziduladula mumphika wa anzake, ndipo pakanapanda mneneri Elisa anthu akanafa ndi chakudya chophikidwa ndi mtima wabwino. Nanga ife amene tapita kusukulu, tazitenga kuti nzeru zoti masamba sangakhale ndi poizoni?

Tsono nkhani ya mwana wa m'mimba ndi yovuta koposa apa. Poizoni wopha munthu wamkulu amadziwika msanga, chifukwa womwayo amasanza kapena kugwa anthu akuona. Koma pali zinthu zina zimene mayi angamwe osamva kanthu, pamene mluza umene uli m'mimba mwake ukuwonongeka mwakachetechete. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Mtima wa mwana umayamba kugunda cha m'ma tsiku la 22 chitengereni pathupi. Pofika tsiku la 28, kanjira kamene kadzakhale ubongo ndi mtsempha wa msana kamakhala katatsekeka. Kuyambira sabata yachitatu kufika yachisanu ndi chitatu ndi pamene maso, milomo, manja, miyendo ndi ziwalo zam'kati zimaumbidwa. M'masabata amenewa amayi ambiri amakhala asanadziwe nkomwe kuti ali ndi pakati, ndipo ena amakhala akumwa zitsamba zoti "zitsuke m'mimba" chifukwa nyengo yawo yachedwa.

Kuti timvetse kuopsa kwake, tiyeni tione zimene zinachitikira alimi a nkhosa ku Idaho, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1950. Nkhosa zawo zinayamba kubereka ana a diso limodzi pakati pa mphumi. Kukanakhala kwathu kuno tikanathamangira kuloza chala agogo ena a m'mudzi. Akatswiri a boma, pakati pawo Wayne Binns ndi Richard Keeler, anatha zaka zoposa khumi akufufuza, ndipo anapeza kuti chochititsa chinali chomera cha m'mapiri chotchedwa Veratrum californicum. Nkhosa ikadya chomerachi pa tsiku la 14 la bere, mwana wake amabadwa wopunduka nkhope chotero, pamene mayi wake amatha kuoneka wabwinobwino. Mu 1968 poizoniyo anamupatsa dzina loti cyclopamine, ndipo mu 1998 zinadziwika kuti amatseka uthenga umene maselo a mluza amatumizirana pogawa nkhope ndi ubongo kukhala mbali ziwiri. Zinatengera tsiku limodzi lokha ndi masamba obiriwira omera okha paphiri popanda feteleza kapena fakitale.

Chitsanzo china chikutikhudza ife alimi a fodya. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ku Kentucky, nkhumba zabere zimene zinkatafuna mapesi a fodya wa Burley zinabereka ana opindika miyendo. Ng'ombe nazo zikadya chomera cha lupine kuyambira cha m'ma tsiku la 40 la bere zimabereka ana okhota miyendo ndi msana, chifukwa poizoni wake amagonetsa mwana m'mimba kuti asamagwedezeke, ndipo mfundo zosagwedezeka zimauma zili zokhota. Zonsezi zinadziwika chifukwa anthu ena anakhala pansi, nayesa, nawerenga masiku, nalemba. Palibe chimene chinadziwika poyang'ana kukongola kwa tsamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzatiyankha kuti mankhwala a kuchipatala nawo awononga ana. Zoona, ndipo sitibisa. Thalidomide, mankhwala opangidwa m'fakitale ku Germany, anayamba kugulitsidwa mu 1957 ngati othandiza kugona ndi kuletsa mseru wa amayi oyembekezera. Pamene ankachotsedwa pamsika kumapeto kwa 1961, ana oposa 10,000 m'maiko ambiri anali atabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Koma tifunse bwino: chinalakwika nchiyani? Mankhwalawo anafika kwa amayi asanayesedwe mokwanira kuti aone zimene amachita kwa mwana wa m'mimba. Ku America, dokotala wina wamkazi wa m'boma, Frances Kelsey, anakana kuwavomereza mu 1960 chifukwa umboni wa chitetezo chake unali wosakwanira, ndipo kukana kwakeko kunapulumutsa ana ambiri. Chichokereni tsokali maiko anakhwimitsa malamulo, moti mankhwala atsopano amayesedwa kaye pa nyama zabere za mitundu iwiri, kawirikawiri makoswe ndi akalulu. Phunziro la thalidomide ndi lakuti chinthu chosayesedwa sichiyenera kufika pakamwa pa mayi woyembekezera. Phunziro limeneli limagwira botolo la m'minibasi mofanana ndi mmene limagwirira mbulu wa m'fakitale. Amene amagwiritsa ntchito nkhani ya thalidomide potsatsa zitsamba zosayesedwa akubwereza tchimo lomwelo limene akulidzudzula.

Nanga kuyesako kumachitika bwanji? Njira imodzi yofala masiku ano imagwiritsa ntchito mazira a kansomba kotchedwa zebrafish, kochokera ku India ndi maiko oyandikana nalo, kochepa thupi kuposa usipa. Mazira ake ndi oonekera ngati galasi, ndipo amakula kunja kwa thupi la mayi, moti munthu wokhala ndi makina oonera zinthu zing'onozing'ono amatha kuona mtima ukuyamba kugunda patangotha tsiku limodzi. Pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a majini a munthu ali ndi ofanana nawo mwa kansombaka. Mu 2013 bungwe la OECD linakhazikitsa ndondomeko nambala 236 yoyesera poizoni pa mazirawa: amaika mazira 20 pa muyeso uliwonse, pa miyeso isanu yosiyana mphamvu, nawayang'anira kwa maola 96. Amaona ngati dzira laundana ndi kufa, ngati timagawo ta msana taumbika, ngati mchira walekana ndi yolki ya dzira, ndiponso ngati mtima ukugunda. Ofufuza zitsamba m'maiko ambiri atengera njira imeneyi, ndipo amaonanso ngati mtima watupa, msana wakhota kapena maso achepa. Ena amagwiritsa ntchito mazira a nkhuku, amene amaswa pa masiku 21, ndipo ena mazira a chule wa ku Africa kuno wotchedwa Xenopus. Njira ya mazirayi si yodula ngati kuweta nyama zikuluzikulu, ndipo siyoposa mphamvu za sukulu zathu za ukachenjede.

Komabe tisapitirire malire. Nsomba si munthu. Dzira la nsomba lilibe nsengwa, ndipo lilibe chiwindi cha mayi chimene chimasintha mankhwala asanafike kwa mwana. Nkhani ya artemisinin ikutiphunzitsa kudekha. Atayesedwa pa makoswe, akalulu ndi anyani, mankhwalawa anapezeka kuti amapha maselo oyambirira a magazi a mluza, ndipo chifukwa cha zimenezi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhala zaka zambiri likulangiza kuti mayi wodwala malungo m'miyezi itatu yoyambirira apatsidwe kwinini. Koma ofufuza anapitiriza kulondola amayi amene anamwa mankhwalawa, ambiri mwa iwo asanadziwe kuti ali ndi pakati. Atasonkhanitsa umboni wa mimba zoposa 34,000, sanapeze kuti mankhwalawa amachulukitsa kupita padera kapena kupunduka poyerekeza ndi kwinini, ndipo mu November 2022 bungwe la WHO linavomereza LA ngakhale m'miyezi itatu yoyambirira. Umu ndi mmene chilungamo chimayendera: chenjezo kaye, kusamala, kufufuza, kenaka chigamulo. Onaninso kuti bungwe lomwelo silivomereza kumwa masamba a Artemisia ngati tiyi pochiza malungo, chifukwa mphamvu ya m'masamba imasiyana munda ndi munda ndipo muyeso wake sudziwika. Ngati mankhwala odziwika bwino chonchi anafunika zaka zonsezi za kafukufuku, tingakhulupirire bwanji botolo limene mwini wake sangatchule ngakhale mitengo imene ili m'katimo?

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi dzina lodziwika: mwanamphepo. Amayi ambiri amapatsidwa mankhwalawa kuti matenda ayambe msanga ndi kuti achire mosavuta. Kafukufuku wina wa m'boma la Mchinji, amene anasindikizidwa mu 2018, anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi aliwonse anamwa mwanamphepo ali ndi pakati, ndipo mavuto a uchembere, a mayi ndi a mwana yemwe, anali ochuluka pakati pa amene anamwa kuposa amene sanamwe. Anamwino akhala akuchenjeza kuti chiberekero chikakakamizidwa kukoka mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika ndipo chiberekero chimatha kung'ambika. Kuchipatala nakonso alipo mankhwala ofulumizitsa matenda, koma amaperekedwa mwa madontho owerengedwa, namwino akumvetsera mtima wa mwana, ndipo zikavuta amatseka diripi. Zimene zamwedwa ndi chikho kapena kudyedwa m'phala sizingatsekedwe. Tikudziwa kuti apongozi ndi azakhali amene amapereka mankhwalawa amachita mwa chikondi. Koma wophunzira wa Elisa uja nayenso anathyola zipatso zija mwa chikondi.

Tsopano titembenukire mbali ina, pakuti sitikufuna kuti wina aganize kuti tagwadira sayansi ngati fano. Kuyesa kuli ndi malire ake, ndipo Mpingo wawafotokoza momveka. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 2417 ndi 2418, amaphunzitsa kuti kuyesa mankhwala pa nyama nkololedwa ngati kuli m'malire oyenera ndipo kukuthandiza kuchiza kapena kupulumutsa anthu, koma kuzunza kapena kupha nyama popanda chifukwa nkosayenera ulemu wa munthu. Nchifukwa chake timayamikira ofufuza amene amachepetsa chiwerengero cha nyama ndi ululu wake, monga pogwiritsa ntchito mazira a nsomba m'malo mwa akalulu abere pamene nkotheka.

Koma pali malire ena amene sitingawadumphe ngakhale cholinga chikome chotani. Popeza nsomba si munthu, ena amati njira yachidule ndi kuyesa pa miluza ya anthu, makamaka imene yatsala m'zipatala zothandiza kubereka, kapena pa maselo otengedwa poiwononga, monga anayambira kuchita mu 1998 ku Wisconsin. Amati ndi kadontho chabe ka maselo. Ife tikuyankha kuti aliyense wa ife anali kadontho kotero, ndipo Mwana wa Mulungu mwini anali wotero m'mimba mwa Amayi Maria pamene ankapita kukacheza kwa Elizabeti. Chikalata cha Donum Vitae cha 1987 chimaphunzitsa kuti munthu ayenera kulemekezedwa ngati munthu kuyambira pamene mayi watenga pathupi, ndipo kuyesa pa mluza wamoyo kumene cholinga chake sikuchiza mluza womwewo nkoletsedwa. Apapa Yohane Paulo Wachiwiri Woyera anabwereza zimenezi mu Evangelium Vitae mu 1995, chikalata cha Dignitas Personae chinatsindikanso mu 2008, ndipo malemu Apapa Fransisko mu Laudato Si' ya 2015 anadabwa ndi anthu amene amateteza chilengedwe koma nakhala chete pamene miluza ya anthu ikuyesedwa. Kuwononga mwana mmodzi kuti titeteze ana ena ndi kugwetsa maziko a nyumba pofuna njerwa zokonzera khoma. Ndipo sayansi yomwe yaonetsa kuti njira ina ilipo. Mu 2007 Shinya Yamanaka wa ku Japan anasandutsa maselo a pakhungu la munthu wamkulu kukhala ngati maselo oyambirira, osakhudza mluza uliwonse, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2012. Maselo otere akugwiritsidwa ntchito lero poyesa poizoni.

Mwaona tsono kuti wogulitsa wa m'minibasi ndi katswiri wowononga miluza, ngakhale akuoneka otalikirana, akugwirizana pa chinthu chimodzi: onse akuchita ngati mwana wosabadwa sawerengedwa. Ndipotu tinene mosapsatira kuti kumwetsa mayi woyembekezera chitsamba chosayesedwa nakonso ndi kuyesa pa mluza wa munthu. Kusiyana kwake nkwakuti palibe wolemba zotsatira, ndipo mwana akabadwa wopunduka kapena mimba ikapita padera, timati ndi ufiti, kapena timanamizira mayi kuti anayenda njira zosayenera, pamene wogulitsa uja wakwera kale minibasi ina.

Ife akatolika timakonda kunena kuti timateteza moyo, ndipo timaguba m'misewu ndi zikwangwani potsutsa kuchotsa mimba. Nzabwino. Koma umboni wathu umachepa mphamvu ngati m'miphakati mwathu momwe tikugulitsana mabotolo osadziwika, kapena tikukhala chete pamene mlongo wathu akumwetsedwa chikho usiku wopita kuchipatala. Ndipo inu anyamata, musaganize kuti iyi ndi nkhani ya amayi okha. Alipo anyamata amene akapereka mimba amathamangira kukagula zitsamba zoti mtsikana amwe kuti "zibwerere m'malo". Kumeneko ndi kupha mwana ndi kuika moyo wa mayi wake pa ngozi, pakuti muyeso wopha mluza nthawi zambiri suli kutali ndi muyeso wowononga impso ndi chiwindi cha mtsikanayo. Amene wagwa mu vuto lotere abwere kwa Abambo Mfumu, kwa asisteri kapena kwa mayi wokhulupirika wa mumpingo. Chitseko cha chifundo nchotsegula, ndipo ife anzake tili ndi udindo womuyimira osati kumuseka.

Zoyenera kuchita nzosavuta kumva. Mayi akangoganiza kuti ali ndi pakati ayambe sikelo msanga, m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo bambo apite naye. Asamwe chilichonse, cha m'golosale, cha kwa sing'anga kapena chochokera kunja m'paketi yokongola, asanafunse a zaumoyo, ndipo ngati wamwa kale anene zoona, pakuti namwino sangathandize pa zimene wabisiridwa. Safunsa anadya phula. Mowa ndi fodya nazo zimachokera ku zomera, ndipo kuwononga kwake kwa mwana wa m'mimba nkodziwika bwino. Asing'anga oona mtima, amene amadziwa mitengo yawo ndipo amatumiza odwala kuchipatala, tikuwapempha agwirizane ndi ofufuza kuti nzeru za makolo ziyesedwe, zabwino zisungidwe, zoopsa zidziwike. Bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ndi Unduna wa Zaumoyo tikuwapempha alimbe mtima pa malonda onama amene amalonjeza kuchiza nthenda iliyonse. Ndipo inu amene muli ku sekondale ndipo mumakonda Biology ndi Chemistry, dziwani kuti ntchito ya mu labotale ingakhale utumiki wachikhristu. Dziko lino likusowa ana ake amene adzatenge mwanamphepo ndi zitsamba zina, nadzatiuza ndi umboni zimene zimachita kwa mwana wosabadwa, mosanyoza makolo ndi mosanyengerera amalonda.

Sabata ino, m'mphakati uliwonse, tiyeni tifunsane funso limodzi: kodi m'nyumba mwathu muli botolo kapena mizu imene sitidziwa dzina lake, ndipo tikanalola mlongo wathu woyembekezera kumwa?

Tipemphere. Ambuye Mulungu, Inu amene munalenga mitengo ya m'nkhalango ndi kuumba aliyense wa ife mobisika, patsani nzeru ofufuza, asing'anga, anamwino ndi madokotala, kuti atumikire moyo moona mtima. Tetezani amayi onse oyembekezera ndi ana amene anyamula, ndipo tonthozani mabanja amene anataya ana awo asanawaone. Amayi Maria, mutipempherere. Amen.